Mafunso ndi mayankho: maatomu akasokonekera, maginito amatani?

Mafunso awa akhala akundipeza kuchokera kwa ana a giredi 11 ndi 12 omwe ndimawaphunzitsa sayansi kuno ku Chipata, ndipo angapo ndi a aphunzitsi anzanga. Zonse zinayamba tsiku lomwe mnyamata wina anabwera ndi maginito omwe anagwebula m'sipika yakufa, atawakoka mumchenga wa m'mbali mwa Lutembwe. Maginitowo anali atamera ndevu zakuda bii. Anandifunsa kuti, “Aphunzitsi, bwanji mchenga wakuda ukumamatira koma katondo wofiira ayi, pamene munati zonse ziwiri muli ayironi?” Funso limenelo ndi lomwenso akatswiri a m'malabu akuluakulu akulimbana nalo, kungoti iwo amalifunsa pa tinthu tosaoneka ndi maso totchedwa thin film.

Kodi okusaidi n'chiyani, nanga ikukhudzana bwanji ndi maginito?

Okusaidi ndi chitsulo chomwe chagwirana ndi okosijeni. Dzimbiri la pakhasu lomwe lagona panja nyengo yonse ya dzinja ndi okusaidi. Chomwe chimafiiritsa katondo ndi okusaidi yotchedwa hematite, momwe maatomu 2 a ayironi amayendera limodzi ndi maatomu 3 a okosijeni. Ndevu zakuda zija kawirikawiri zimakhala magnetite, ndipo mmenemo muli maatomu 3 a ayironi pa maatomu 4 a okosijeni. Zophikira n'zofanana, ayironi ndi okosijeni basi, koma magnetite amalumphira maginito pamene hematite amangomva pang'ono kwambiri moti ndi dzanja simungazindikire. Chosiyanitsa ndi malo omwe atomu iliyonse yakhala, komanso mnansi yemwe yakhala naye.

Maginito a m'sipika ambiri nawonso ndi okusaidi, ya ayironi wosakaniza ndi strontium kapena barium. N'chimodzimodzi kamtengo kakuda kokulungidwa ndi waya ka mkati mwa wailesi, ndiponso utoto wofiirira wa pa tepi ya makaseti akale.

Nanga thin film ndiye chiyani?

Ndi kansalu kopyapyala kwambiri ka chinthu china, koyalidwa pamwamba pa kamwala kosalala. Kupyapyala kwake timayeza ndi nanomita. Tsitsi limodzi la munthu limakula pafupifupi mananomita 70,000, pamene kansalu kotere kakhoza kukhala mananomita 10 okha, kutanthauza timizere ta maatomu tongokwana makumi owerengeka.

Sakapala ndi mpeni ayi, amachita kukameretsa. Njira ina yotchuka ndi yowomba chibulumwa cha okusaidi ndi kuwala kwa laser mkati mwa chitini chopopedwa mpweya. Maatomu amafwamphuka ngati fumbi n'kukatera pa kamwala kotenthetsedwa, nthawi zambiri pa madigiri 600 mpaka 800. Njirayi inafala kuyambira mu 1987. Atomu iliyonse ikatera imakhala ndi kanthawi kochepa kofufuza malo ake inzake isanaigwere pamutu. Kumbukirani zimenezi, chifukwa mavuto ambiri amayambira pomwepo.

Mphamvu ya maginito imachokera kuti kwenikweni?

Elekitironi iliyonse, kanthu kakang'ono ka mkati mwa atomu, ili ngati kamaginito kakang'ono. Asayansi amati ili ndi spin, ife tingoti ili ndi kamuvi koloza kwinakwake. M'zinthu zambiri timivi timeneti timakhala tiwiritiwiri, kena koloza kumwamba kena pansi, n'kuthetsana. Maatomu a ayironi, cobalt, nickel ndi manganizi amatsala ndi timivi topanda mnzake. Kuti chinthu chikhale maginito, timivi ta maatomu mabiliyoni tiyenera kumvana koloza.

Mu okusaidi maatomu achitsulo sagundana. Pakati pawo pamakhala okosijeni, ndipo ndi iye amanyamula mawu kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo. M'kalasi ndimamutcha nkhoswe. Nthawi zina nkhosweyu amagwirizanitsa awiriwo kuti aloze kumodzi, koma kawirikawiri amawauza kuti afulatirane. Zimatengera mtundu wa maatomuwo, kuchuluka kwa maelekitironi awo, ndi ngodya yomwe atatuwo apanga: akakhala pamzere woongoka mawu amakhala ena, akapindika mawu amasintha. Malamulo a zimenezi anawalongosola John Goodenough ndi Junjiro Kanamori m'zaka za m'ma 1950. Goodenough yemweyu ndi amene analandira mphoto ya Nobel mu 2019 chifukwa cha mabatire a lithiamu omwe ali m'mafoni mwathu.

Mwina mukufunsa kuti akafulatirana, mphamvu ingatsale bwanji? Mu magnetite muli mipando ya mitundu iwiri. Wina wazunguliridwa ndi okosijeni 4, wina ndi okosijeni 6. M'kabokosi kamodzi ka dongosolo lake, kutanthauza kagawo ka maatomu komwe kamangobwerezabwereza m'mwala wonse, maatomu 8 a ayironi amakhala pamipando yoyamba, 16 pamipando yachiwiri. Magulu awiriwa amalozerana kosiyana, koma n'kukokerana chingwe kwa anthu 8 ndi anthu 16: chingwe chimapita mbali imodzi. Anafotokoza izi ndi Louis Néel wa ku France, yemwe analandira Nobel mu 1970. Mu hematite magulu awiriwo ndi ofanana, ndiye chingwe chimangoti njenjenje pamalo amodzi.

Kutentha kumagwedeza timivi tija. Chinthu chilichonse chili ndi mlingo wa kutentha womwe mgwirizano umatheratu: ayironi pa madigiri 770, magnetite pafupifupi 585.

Mukamati chisokonezo cha maatomu mukutanthauza chiyani?

Ganizirani bolodi la nsolo lokhala ndi maenje ake ondondozana bwino. Zingalakwike m'njira zingapo. Dzenje lina likhoza kukhala lopanda kanthu, ndipo mu okusaidi yemwe amasowa kawirikawiri ndi okosijeni. Maatomu awiri amitundu yosiyana akhoza kusinthana mipando. Mlendo wosaitanidwa akhoza kukhala pampando wa mwini. Kapena dongosolo lonse likhoza kutsetsereka theka la sitepe pamalo ena, n'kusiya msoko.

Kusowa kwa okosijeni kumalasa pawiri. Choyamba, nkhoswe palibe, ndiye maatomu awiri aja samvananso. Chachiwiri, okosijeni akamachoka amasiya maelekitironi 2 omwe anali atawagwira, ndipo maatomu achitsulo oyandikana nawo amawatola n'kusintha khalidwe. Mu okusaidi ya lanthanum, strontium ndi manganizi, yomwe akatswiri amaifupikitsa kuti LSMO, mgwirizano umadalira maelekitironi odumpha kuchoka pa manganizi wina kupita pa mnzake kudzera mwa okosijeni. Ikakhala yathunthu imasunga mphamvu yake mpaka pafupifupi madigiri 97. Ikaperewera okosijeni mlingo umenewu umatsika, magetsi amavutika kudutsamo, ndipo akasowa ambiri imasiyiratu.

Tipatseni chitsanzo chomwe chisokonezo chinafooketsa maginito.

Ndipereka ziwiri, chifukwa njira zake n'zosiyana.

Mu 1998 gulu la Yoshinori Tokura ku Japan linatchukitsa okusaidi ya strontium, ayironi ndi molybdenum, yomwe imakhalabe maginito mpaka pafupifupi madigiri 140. Mmenemo ayironi ndi molybdenum amayenera kutsatizana bwinobwino, uyu kenako uyo, ngati mzere wa chimanga ndi mzere wa nshawa. Ayironi amapereka miyezo 5 kuloza kumwamba, molybdenum muyezo 1 kuloza pansi, kutsala 4. Koma maatomu awiriwa ndi oyandikana msinkhu, ndiye sachedwa kusinthana malo. Ayironi akapezeka pampando wa molybdenum amakhala kuti anansi ake ndi ayironi anzake, ndipo nkhoswe amamuuza kuti awafulatire. Motero amataya zake n'kufafanizanso za mnansi. Akasinthana 10 pa 100 alionse, miyezo 4 ija imatsika kufika cha pa 3.2. Akasinthana theka, palibe chotsala, ngakhale kuti palibe atomu ndi imodzi yomwe yachokamo.

Chachiwiri ndi magnetite wathu yemwe uja, ndipo ndimachikonda chifukwa aliyense amene anaonapo amisiri akumanga amachimva msanga. Kansalu ka magnetite amakonda kukameretsa pa okusaidi ya magnesium. Kabokosi ka mwala wapansiwo n'ka nanomita 0.42, ka magnetite n'ka 0.84, kuwirikiza kawiri. Zili ngati kuyala njerwa zathunthu pamaziko a njerwa zatheka: mmisiri angayambire pa njerwa yoyamba kapena yachiwiri, ndipo onse awiri akhoza. Vuto n'lakuti kansalu sikayambira pamalo amodzi. Kamayamba ngati tizilumba tambirimbiri, kalikonse ndi mmisiri wake wosafunsa mnzake. Tizilumbati tikamakula n'kukumana, mizere sigwirizana. Pamsoko pamenepo ngodya za nkhoswe zimasintha, ndipo timivi ta mbali ino timakakamizika kutsutsana ndi ta mbali inayo.

Akatswiri a ku San Diego ku America anaonetsa izi cha m'ma 1996 ndi 1997. Mwala wa magnetite umagonjera maginito ochepa mphamvu, timivi tonse n'kufola. Kansalu kake kanali kukanabe kufola ngakhale atakaika m'maginito amphamvu kwambiri a mu labu. Kansalu kakamapyapyala, tizilumba timachepa msinkhu ndipo misoko imachuluka. Ngakhale kusintha kotchuka komwe Evert Verwey anapeza mu 1939, pomwe magnetite amayamba mwadzidzidzi kukana magetsi akazizira kufika pafupifupi madigiri 150 pansi pa ziro, kumazilala kapena kusoweratu m'tinsalu topyapyala kwambiri.

Bwanji vutoli limakula m'kansalu kuposa m'mwala waukulu?

Mwala wa m'phiri unali ndi nthawi yaitali yozizira pang'onopang'ono, pamene kansalu kamamera m'mphindi zowerengeka. Komanso kansalu kamakakamizika kutsatira msinkhu wa kamwala kapansi. Misinkhuyo ikasiyana ngakhale ndi gawo 1 kapena 2 pa 100, kansalu kamakungika ngati chikopa cha ng'oma kapena kufinyika, ngodya zija n'kusintha. Nthawi zina kamadzipepuza potaya okosijeni.

Ndiye pali m'mphepete. Mukaphika nsima mumphika waukulu, nkhoko ndi gawo laling'ono. Phikani kansima ka supuni ziwiri mumphika womwewo, muona kuti pafupifupi konse ndi nkhoko. Pomwe kansalu kakhudzana ndi mwala wapansi, maatomu a mbali ziwirizo amalowerana, ndipo pamwamba pake maatomu alibe anansi okwanira. Mu LSMO timizere toyambirira timakhala tofooka kapena takufa kumene, moti akatswiri amatitcha dead layer. Kansalu kakapyapyala kufika mananomita 2 kapena 3, khalidwe lake limakhala litasinthiratu.

Ndiye kuti chisokonezo n'choipa nthawi zonse?

Ayi, ndipo apa m'pomwe nkhaniyi imandikomera. Mabuku a sukulu amatizoloweza kuganiza kuti cholongosoka ndicho champhamvu, koma okusaidi ya zinki ndi ayironi imatsutsa zimenezo. Ili ndi mipando ya mitundu iwiri ngati magnetite. Ikalongosoka bwino, zinki, yemwe alibe kamuvi, amadzaza mipando yonse ya gulu loyamba, ayironi n'kukhala gulu lachiwiri lokha. Ayironi a gulu limodzi amamvana mofooka kwambiri, moti chinthucho sichikoka kanthu, ndipo timivi take timayamba kupanga dongosolo pokhapokha chikazizira kufika pafupifupi madigiri 263 pansi pa ziro. Koma mukachimeretsa mofulumira ngati kansalu, ayironi ena amalanda mipando ya zinki. Pamenepo mgwirizano wamphamvu wa pakati pa magulu awiri uja umadzuka, ndipo kansaluko kamakhala maginito pa kutentha kwa m'chipinda wamba. Mukakaotcha bwino kuti aliyense abwerere pampando wake, mphamvuyo imazilala. Chisokonezo ndiye chinabala maginito.

Pali chinanso chodabwitsa. Mu 2015 akatswiri a ku North Carolina anasakaniza magnesium, cobalt, nickel, kopa ndi zinki mofanana mu okusaidi imodzi, maatomu asanuwo n'kukhala mwachisawawa pamipando. Awiri mwa asanuwo alibe kamuvi n'komwe. Komabe anadzapeza kuti chikazizira kufika pafupifupi madigiri 160 pansi pa ziro, timivi timafola mofulatirana bwinobwino. Anansi omvana analipo okwanira kuti uthenga uyende kuchoka mbali ina kufika mbali ina.

Chisokonezo chikafika poti kamuvi kamodzi kakulandira malamulo otsutsana, mnansi uyu akuti loza kumwamba uyo akuti loza pansi, timivi timangouma pomwe tili, kalikonse koloza kwake. Chimenechi amachitcha spin glass. Chitsanzo chake chakale ndi kopa wothiramo manganizi pang'ono, miyala yomwe yonse iwiri timakumba muno m'Zambia, wina ku Copperbelt wina cha ku Mansa. Masamu ofotokoza zimenezi ndi omwe anathandiza Giorgio Parisi wa ku Italy kulandira Nobel mu 2021.

Ndinawerenga kuti zinthu zopanda ayironi n'komwe zimasanduka maginito zikakhala kansalu. N'zoona?

Apa pondani mosamala. Kuyambira mu 2000 kunali mpikisano wofuna okusaidi yomwe ingagwire ntchito ngati zida za mukompyuta n'kukhalanso maginito. Mu 2001 kunamveka za okusaidi ya titanium yothiramo cobalt pang'ono. Chokayikitsa chinali chakuti cobalt anali wochepa kwambiri. Kuti uthenga uyende kudzera mwa anansi, maatomu okhala ndi kamuvi amafunika kudzaza mpando umodzi pa mipando inayi kapena isanu. Akachepa kuposa apo ali ngati nyumba zotalikirana zomwe kufuula sikufika. Atayang'anitsitsa, m'tinsalu tambiri anapeza kuti cobalt sanamwazike, koma anaunjikana m'timibulu tachitsulo, ndipo timibulu timeneto ndi tomwe tinkakoka.

Mu 2004 gulu la ku Dublin ku Ireland linalengeza kuti kansalu ka okusaidi ya hafnium, kopanda atomu iliyonse ya kamuvi, kakuonetsa mphamvu ya maginito. Chaka chotsatira akatswiri a ku kampani ya makompyuta ya IBM anayeza tinsalu tawo osapeza kanthu, koma atangotigwira ndi kambaniro kachitsulo, chizindikiro chinatulukira. Kansalu n'kochepa kwambiri moti kafumbi ka chitsulo kosaoneka ndi maso kakhoza kukaposa. Sindikunena kuti zonse za mtundu umenewu n'zabodza. Mkangano wa ngati kusowa kwa okosijeni pakokha kungabale maginito ukadalipo. Koma ine ndikamva nkhani yotere, funso langa loyamba limakhala lakuti anakagwira ndi chiyani.

Nanenso zinandigwerapo. Tinapera makala kuti ndionetse ana chinthu chosakokedwa ndi maginito, koma maginito anatola timadontho takuda, kalasi yonse n'kuyamba kundiseka. Tinadzazindikira kuti makalawo tinawaphwanyira pa lata ladzimbiri ndi nyundo.

Amaziona bwanji, poti atomu siioneka?

Chida chotchedwa SQUID chimayeza mphamvu yochepetsetsa ya maginito, koma sichinena komwe yachokera. N'chifukwa chake kambaniro kangathe kupusitsa anthu. X-ray imaulula ngati maatomu akutsatizana m'dongosolo. Maikulosikopu ya maelekitironi yamakono imaonetsa mizere ya maatomu umodziumodzi, moti msoko umaoneka. Ma neutroni, tinthu tina ta mkati mwa atomu, amauza kuya komwe mphamvu ikuyambira ndi komwe ikuthera. Ndipo makina aakulu otchedwa synchrotron amatha kufunsa mtundu umodzi wa atomu paokha, kuti kodi akukoka ndi ayironi kapena cobalt. Chida chimodzi sichikwanira. Okosijeni ndiye amavuta kwambiri kuwerenga chifukwa ndi wopepuka.

Kansalu kosokonekera kangakonzedwe?

Nthawi zambiri inde. Amakaotchanso pang'onopang'ono mu okosijeni kuti maenje adzaze ndiponso maatomu apeze mipando yawo, kapena amasankha mwala wapansi wogwirizana nako msinkhu ndi dongosolo. Koma moto womwewo ukapyola umachititsa maatomu a pansi kukwera m'kansalu: magnesium amalowa mu magnetite kutentha kukakwera. Misoko ija nayo imachepa koma siitheratu msanga.

Zimenezi zikutikhudza bwanji ife a ku Kapata kapena ku Katete?

Zithunzi zomwe mumaika pa Facebook zambiri zimakasungidwa pa ma hard disk, ndipo kamutu kowerenga hard disk kali ndi kansalu ka okusaidi kokwana pafupifupi nanomita imodzi pakati pa tinsalu tiwiri ta maginito. Poyamba ankagwiritsa ntchito okusaidi ya aluminiyamu, yomwe maatomu ake alibe dongosolo, ndipo kusiyana kwa chizindikiro cha magetsi, pakati pa pomwe timivi ta tinsalu tiwirito taloza kumodzi ndi pomwe tafulatirana, kunkafika cha pa 70 pa 100. Mu 2004 gulu la Stuart Parkin ku IBM ndi la Shinji Yuasa ku Japan anaikapo okusaidi ya magnesium yolongosoka, ndipo kusiyanako kunalumpha kufika cha pa 200 pa 100. Okusaidi imeneyi payokha si maginito, koma dongosolo lake limasankha maelekitironi oti adutse potengera kamuvi kawo. Luso lomweli lili m'zosungira zotchedwa MRAM, zomwe sizitaya zomwe zasunga magetsi akathima. Ife a malaiti ozimazima sitifunika kuuzidwa ubwino wa zimenezo.

Ndingaphunzire kuti, nanga pali chomwe ndingayese kunyumba?

Poyambira ndi physics kapena chemistry pa University of Zambia ku Lusaka kapena Copperbelt University ku Kitwe. Zida zazikulu zili kutali: South Africa ili ndi iThemba LABS ku Cape Town ndi ng'anjo ya ma neutroni ya SAFARI-1 ku Pelindaba. Pamene akatswiri a muno mu Africa anakumana ku Grenoble ku France mu 2015 kukambirana zomanga synchrotron yawo, kontinenti yathu inalibe ndi imodzi yomwe.

Kunyumba simungameretse kansalu, koma mukhoza kuona okosijeni akusintha maginito. Kulungani maginito a m'sipika m'pulasitiki kuti fumbi lichoke mosavuta. Tapani dothi pomwe anaotcherapo uvuni wa njerwa kapena makala, ndi lina la katondo yemweyo chapatali pomwe moto sunafike. Tapani ndi chipande chamtengo, osati khasu. Umitsani, perani pamwala, ndipo kokani maginito m'milu iwiriyo kofanana. Kawirikawiri dothi lootchedwa limamata kwambiri, chifukwa moto wa utsi umalanda okosijeni wina kwa okusaidi yofiira n'kuisandutsa magnetite kapena mbale wake maghemite.

Chachiwiri chimafuna wamkulu pafupi. Mangani msomali ku waya wautali wa kopa, muuike pambaula yokupizidwa bwino mpaka ufiire kuti psuu, kenako muuyandikize maginito osaukhudzitsa. Sukokedwa, chifukwa wapyola madigiri 770. Ugwireni pomwepo mphindi pang'ono: kufiira kukamazilala mumva wayayo ukugwedezeka, msomali n'kulumphira maginito. Maginitowo musawaike pamoto, chifukwa a m'sipika amataya mphamvu yawo cha pa madigiri 450.